Kompyuta Imene Inkakomoka Masana

Kompyuta inafika ku ofesi kwathu ku Lundazi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, itakulungidwa m'bulangete kumbuyo kwa galimoto yochokera ku Chipata. Inali ofesi yaing'ono ya bungwe la alimi, zipinda ziwiri zofolera malata, ndipo ine ndinali wotayipa makalata. Poti zala zanga zinali zitazolowera kale mabatani, anaipereka kwa ine.

M'miyezi yozizira inkagwira ntchito bwinobwino. Itakwana Okutobala, inayamba kukomoka. Dzuwa likafika paliwombo, malata akuthetheka, zilembo zinkauma pagalasi, kenaka mdima bii. Ndinkangokhala kuidikira kuti itsitsimuke, ndikudzikupiza ndi faelo, n'kumaonera pawindo anthu akukankha njinga za mtedza kulowera kumsika. Msewu unkanyezimira ndi kutentha moti ankaoneka ngati akuwoloka mtsinje.

Nthawi imeneyo kunyumba ndinali ndi asibweni, mlongo wawo wa amayi anga. Anakalambira kumigodi akuwotcherera malediyeta oziziritsa injini za magalimoto akuluakulu, ndipo maso atayamba kuchita nkhungu anabwerera kwawo ku Magodi. Chilimwe ankadzakhala kwa ine kuboma. Tsiku lina anadzera ku ofesi n'kundipeza nditagwira tsaya.

"Watandala uli, mama?" anandilonjera m'chilankhulo chakwathu, chipewa chili m'manja. "Nanga wangokhala ngati uli pamalilo bwanji?"

Nditawafotokozera, anaika chikhato pambali pa bokosi la kompyuta monga mmene munthu amamvera mwana wodwala malungo.

"Iyi ndi injini basi," anatero. "Injini ikatentha, mphepo yokha siikwanila. Ifuna madzi."

Abwana anatilola kutsegula bokosilo. M'kati munali kafani kokhala pa kachitsulo konga chipeso, ndipo pansi pake panali kachidutswa kofanana ndi bisiketi, kamene buku la makinawo linkati ndi pulosesa. Kutentha konse kunkachokera pamenepo. Asibweni anatola udzu panja, n'kuyezera kachidutswako m'litali ndi m'lifupi, n'kudula udzuwo ndi chikhadabo. Anauika m'thumba la malaya mosamala.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka tinkakhala pakhonde n'kumajambula kumbuyo kwa kalendala yakale. Iwo ankanena, ine n'kumalemba mizere chifukwa maso awo sankaona pensulo. Pamwamba pa pulosesa tidzaikapo kachidutswa ka mkuwa, kobowoledwa tinjira m'kati. Kuchokera apo timapaipi tiwiri toonekera m'kati, tonga ta petulo, tidzatulukira pawindo kukafika pa kalediyeta kakang'ono kopachika pamthunzi. Kalediyetako anali atakaona kale m'galimoto yakufa kuseri kwa galaja ina. Pampu idzakhala ija yothira madzi pagalasi la galimoto. Madzi a pamjigo anawakana, ati amasiya zoyera m'mapaipi. Tidzadikira mvula yoyamba ipite ndi fumbi, titunge yachiwiri.

"Nanga akadontha, asibweni? Madzi ndi magetsi sagwirizana."

"Tidzayendetsa madzi masiku atatu pansalu yoyela, makina ali kutali. Nsalu ikakhala youma mpaka tsiku lachitatu, ndiye kuti mtovu wanga wagwila."

Nthawi zina ankasiya za mapaipi n'kuyamba za kumigodi. Ankati injini yozizira bwino imalira ngati munthu amene wagona tulo tabwino, ndipo iwo ankaizindikira ali kutali. Ankakumbukanso malemu akazi awo, amene ankawabweretsera thobwa kugalaja atakulunga chigubu m'saka yonyowa.

Masana kompyuta ikakomoka sindinkadandaulanso. Ndinkatsamira mpando, maso ali theka, n'kumaona timadzi tikuyenda m'mapaipi aja, kukwera pawindo, kutsika, kubwereranso tili tozizira. Ndinkamva ngati kamtsinje kakudutsa pansi pa tebulo langa, mayina a alimi akuyandama pagalasi pang'onopang'ono ngati masamba. Kangapo abwana anandidzutsa pogogoda tebulo.

Chojambula chitatha tinapita nacho kwa abwana. Anachiyang'ana mwaulemu, n'kuthokoza asibweni, koma anati makinawo ndi mphatso, sangalole madzi kulowamo. M'malo mwake analembera kalata ku Chipata.

Patapita sabata ziwiri kunabwera mayi wina wokonza makompyuta, pa minibasi ya m'mawa, atanyamula kachikwama kamodzi. Anachotsa kafani, n'kupempha pampu ya njinga, n'kupopera m'kachipeso muja. Munatuluka fumbi lofiira la chilimwe chonse mpaka tonse tinayetsemula. Anapaka timafuta toyera pa pulosesa, n'kusuntha bokosi kulichotsa kukhoma. Masana amenewo kompyuta sinakomoke.

Ndinachita manyazi m'malo mwa asibweni, amene anaima pakona akuonerera zonse. Iwo sanaoneke okhumudwa. Anapempha kukhudza timafuta tija, n'kutinunkhiza, kenaka anafunyulula kalendala yathu patebulo.

Mayiyo anaitsata ndi chala, mzere ndi mzere, kwa nthawi yaitali.

"Atate, ichi chikanagwila nchito," anatero. "Koma pampu iyi siinapangidwile kuyenda tsiku lonse. Ingapse lisanathe ola."

Asibweni anakoka mpando n'kukhala. Anayamba kukambirana za mapampu, wina akutchula uwu, wina uwo, mpaka zithunzi za mitengo zinatalika ndipo minibasi yomaliza inanyamuka osamutenga. Anagona kwathu. M'mawa asibweni anamuperekeza kusiteshoni atamangirira kachikwama kake panjinga, ndipo ndinawaona akukhota pamsika akukambiranabe, manja akujambula m'malere.