Tsiku Limene a Kopolo Anandikokera M'mbuyo

Fungo la udzu wopsa limandibweretsera a Kopolo. Tinkayandikana nawo nyumba, kufupi ndi Nzama. Anali munthu wamtali, wosakonda zolankhula, amene anabwera kuchokera kunkhondo ya azungu ndi jekete limodzi, chifuwa chosatha ndi mawu angapo a Chingerezi. Dzina lawo lenileni tinaliiwala. Tinkangowatchula udindo wawo wa kuusilikali.

Chaka chimenecho bambo anali ku Joni. Nyumba yathu inkadontha, ndiye ine, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinamweta udzu wofolera mwezi wathunthu n'kuunjika mitolo kutsidya kwa khwawa. Manja onse anali matuza.

Masana ena m'chilimwe osaka mbewa anatentha tchire, mphepo n'kutembenuka. Ndinathamangira kumitolo yanga ndi nthambi yaiwisi, ndikumenya moto, utsi ukulasa m'maso, nsungwi zikuphulika ngati mfuti. A Kopolo anatulukira atanyamula makasu awiri.

"Ritiriti!" anakuwa.

Sindinasunthe. Anandigwira malaya pakhosi n'kundikoka mpaka tsidya lino, kenaka anandiponyera khasu.

"Lambula apa. Msanga!"

Tinalambula mzere kuzungulira nkhokwe ndi nyumba. Moto unalumpha khwawa, unafika pamzerewo, n'kuzima. Udzu wanga unapsa wonse ine ndikuona.

"Mngoni sathawa," ndinatero, ndikulira.

"Wathawa ndani, iwe? Wothawa amataya khasu. Lako lili m'manja."

Titakhala pachitsa, iwo akutsokomola, anandimasulira mawu aja. Kuusilikali, ritiriti ndi kubwerera m'mbuyo mwadongosolo: mumasiya malo amene simungawasunge kuti musunge anthu. Lipenga lamadzulo lotsitsira mbendera ankalitchulanso choncho. Ansembe akadzipatula masiku angapo kukapemphera, nayonso ndi ritiriti. Wansembe wina wa ku Falansa anawauza kuti Angerezi anachita kubwereka mawuwo ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kukokera m'mbuyo.

"Monga ndakukokera iwemu," anatero. "Mnzanga wina anakana kukokedwa. Ali komweko mpaka lero."

M'mawa mwake tinapeza mitolo ya udzu pakhomo. Unali wawo, umene anasungira denga lawo. Amayi anapita kwa a Kopolo n'kugwada.

"Pepani bambo, utengeni. Nanga inu mufolera chiyani?"

"Mayi, ine ndinagonapo pamvula kunkhondo. Ndinazolowera."

Dzinja limenelo nyumba yawo ndi imene inadontha. Patapita zaka ziwiri anamwalira ndi chifuwa chija. Sindinawathokoze. Ndinali mwana, ndipo mtima unali ukadali pa udzu wanga.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, Chingerezi changa n'chochepa. Koma mawu awa ndimawadziwa bwino kuposa ophunzira ambiri. Ndasiyapo mikangano, ndasiyapo munda wokokoloka, khasu lili m'manja.

Pamkono wanga wamanja pali chipsera cha moto wa tsiku lija. Chinalekezera pachigongono. Ndikachiyang'ana, ndimadziwa amene anachiletsa kupitirira.