Fani Imene Ndinawasankhira Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali, anali mkamwini pakhomo pathu, ndipo amayi anali atatopa nawo. Kuthyola tiyi anasiya, kabaza ankati imapweteka msana. Amalume anawauza mosabisa kuti mvula ikatha asanaonetse chogwirika, anyamule malaya awo azipita kwawo.

Ndiye anapanga boti. Analumikiza migolo ya pulasitiki, pamwamba n'kukhomera matabwa, kumbuyo n'kumangirira injini ya pampu yothirira dimba. Ankati aziwolotsa anthu ndi njinga zawo pamtsinje wa Thuchila madzi akadzaza. Chinatsala ndi chamapiko chija chimazungulira m'madzi n'kumakankha boti.

"Alamu, inu mumaphunzira sayansi kusekondale," anandiuza. "Tiyeni ku Chinakanaka mukandisankhire."

Kwa wogulitsa zitsulo zakale kunali mafani awiri a galimoto, mapiko ake opendekera mosiyana. Ine ndinali nditaona kale mbali imene injini ija imazungulira, choncho ndinadziwa kuti ina ikankha boti kutsogolo, inayo ilikokera kumbuyo. Ndinanyamula yokokera kumbuyoyo, n'kuigogoda ndi chala ngati katswiri.

"Ya m'madzi ndi iyi. Inayo ndi yamphepo."

Anandigulira mandasi pothokoza. Ndinadya onse.

Tsiku loyesa boti, mudzi wonse unatsikira kumtsinje. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ngakhale kuwalankhula mwachindunji. Mawu amadzera mwa munthu wina. Choncho amayi anakhala pamwala wochapira ngati sizikuwakhudza, ndipo alamu analozetsa boti kutsidya, amayi ali kumbuyo kwawo.

Anakoka chingwe. Injini inalira, boti n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, molunjika pamwala paja. Chozimitsira anachifufuza osachipeza. Kucheuka sakanatha, kuwaitana amayi sakanatha. Anayang'ana ine.

"Alamu, auzeni amayi achoke!"

Ndinaika dzanja kukhutu. "Mukuti chiyani? Injini ikusokosa."

"Amayi achoke pamenepo!"

"Amayi a ndani?"

Migolo inagunda mwala. Alamu anagwa chagada pamiyendo pa apongozi awo, onse awiri n'kutsetserekera m'madzi limodzi ndi beseni la zochapa. Povuuka anagwira chitenje cha amayi kuti asamire, chitenjecho n'kutsala m'manja mwawo. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi pamatope.

Amalume sanadikirenso kuti mvula ithe. Dzuwa lisanalowe, malaya a alamu anali ali m'thumba la feteleza. Achemwali analira mpaka mawu kusasa. Potsanzikana alamu anandigwira dzanja.

"Inu munayesetsa, alamu. Injini ija ndiye inali yachinyengo."

Ndinavomera kuti injini za masiku ano n'zosadalirika.

Migolo ija amayi amasungiramo madzi. Nyumba imene ankakhala ndi alamu, achemwali anaikana, akuti imawakumbutsa zambiri, ndiye ndimagonamo ndine. Fani ndinaipachika pakhomo.