Dzina la Mkamwini Wanga

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mzungu wa ku Rockville, kuno ku Amerika. Ndi munthu wamtali, wofatsa, amagwira ntchito mu labotale ya mankhwala. Mlandu ndinalibe naye. Koma chaka chinatha, miyezi ina n'kuwonjezerapo, ndisanamutchule dzina.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ngati dalaivala. Masiku ano ndimayang'anira malo oimikapo magalimoto. Chingerezi changa n'cha pantchito basi, ndipo ngakhale m'Chichewa sindine wolankhulalankhula.

Tsiku loyamba kufika kwathu ku Greenbelt mkamwiniyo anandigwira chanza, n'kutchula dzina lake loyamba kuti ndizimuitana choncho. Ndinangogwedeza mutu. Kwathu mkamwini saitanidwa ndi dzina la ubwana. Limenelo ndi la amayi ake ndi anzake omenya nawo mpira. Munthu wokwatira mwana wako umamuitana ndi mfunda wake, dzina la mtundu wa makolo ake. Apo ayi umadikira mwana abadwe, uziti bambo a uje. Mwana panalibe. Mfunda sindinkaudziwa. Ndinayesapo kamodzi kunena kuti apongozi, iye n'kucheuka kuona ngati kwalowa mlendo.

Lomwe linatsala ndi dzina la banja lawo. Limenelo ndinkalidziwa bwino, chifukwa mwana wanga anasiya langa n'kutenga limenelo. Linkandikanira pakhosi. Ndisaname, sunali mwambo wokha. Kwa ine linali dzina lopanda mudzi, lopanda manda, ngati mawu olembedwa pachitini.

Choncho akabwera ndinkangoti, "Mwafika." Ndikafuna mchere uli kumbali kwake, ndinkauza mwana wanga kuti amuuze. Nthawi zina ndinkangotsokomola mpaka andiyang'ane.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, mwana wanga anandipeza ndekha pakhonde. Anati mwamuna wake wamufunsa kangapo chimene analakwa. Anati akabwera kwathu amakhala ngati mpando.

"Adadi, galu wa aneba mumamutchula dzina. Mwamuna wanga ayi?"

Ndinati galu si mkamwini. Ndinkatanthauza ulemu, koma iye anatenga chikwama chake n'kumapita. Lamlungu lotsatira sanabwere. Linalo sanabwerenso. Foni ankaimbira amayi ake okha.

Mkazi wanga anapirira mwezi. Kenako tsiku lina akupinda zovala anati, "Mwana tili naye mmodzi yemweyu. Mum'taye chifukwa pakamwa panu mpolemera?"

Ndinapempha nambala ya mkamwiniyo. Kanali koyamba kumuimbira. Anabwera kuntchito kwanga masana, titaima pafupi ndi kanyumba kanga kolondera, magalimoto akulowa ndi kutuluka. Ndinamufunsa kuti dzina la banja lawo linachokera kuti. Anaseka pang'ono. Anati mwina ku Ireland, mwina ku Mangalande, sanafunsepo.

Ndinati munthu wamkulu, wa ndevu, wokwatira, osadziwa kumene dzina lake linachokera. M'Chingerezi changa zinatuluka zouma kuposa mmene ndinkafunira. Nkhope yake inafiira. Anatsanzika bwinobwino n'kupita. Ndinaganiza kuti ndamaliza kuwononga.

Patatha milungu iwiri anaimbira mkazi wanga kuti akubwera Loweruka ndi azakhali ake, alongo a malemu bambo ake.

Anali mayi wokalamba, woyendera ndodo, wa mawu aakulu chifukwa chosamva bwino. Ananyamula katoni ya nsapato yodzaza mapepala. Atalowa anakhala pampando wanga osafunsa. Ndinawasiya. Mwana wanga anabweranso tsiku limenelo, anakhala pakati kuti azimasulira, koma osandiyang'ana.

Mayiwo anati dzinalo lili ndi mizu iwiri. Ku Mangalande, kalekale anthu asanakhale ndi maina a banja, munthu ankadziwika ndi ntchito yake kapena malo amene amakhala. Dzina ili linkapatsidwa kwa munthu wokhala pafupi ndi powolokera mtsinje, paja madzi amalekeza m'mawondo. Ana ake n'kulitenga, adzukulu n'kulitenga, ngakhale atasamukira kopanda mtsinje.

Ku Ireland nkhani inali ina. Anthu akumeneko anali ndi chinenero chawo ndi maina awo, oti mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Angerezi atayamba kulamulira, maina ambiri analembedwa m'Chingerezi. Mabanja angapo osiyana, opanda chibale chilichonse, anapezeka ali ndi dzina limodzi lomweli. Choncho si onse olitchula amene ali magazi amodzi.

Ndinafunsa kuti iwowo ndi a mbali iti.

Anati a ku Ireland. Agogo awo aamuna anabwera pa sitima ya pamadzi ali mnyamata, nagwira ntchito ya njanji cha ku Baltimore. Anandionetsa chithunzi, munthu wa chipewa, manja aakulu. Ndinafunsa dzina lenileni lija, la m'chinenero chawo. Mayiwo anatseka katoni.

"Sanatiuze. Ankafuna ana ake akhale Aamerika. Anapita nalo kumanda."

Anati afufuza m'mapepala zaka zambiri, sanalipeze. Mkamwini wanga ankangoyang'ana chithunzicho. Ndinaona kuti nkhaniyi nayenso akuimva koyamba.

Ine ndinaganiza za dzina langa, lomwe lili pa pasipoti. Si mfunda wathu. Ndi dzina loyamba la agogo anga aamuna. Bambo anga akuyamba sukulu ya mishoni, mphunzitsi anawafunsa dzina la abambo awo, n'kulilemba m'kaundula. Basi linakhala la banja. Mfunda wathu suli papepala lililonse. Uli pakamwa pa anthu, ndipo kuno amene amaudziwa sakwana zala za dzanja limodzi. Dzina limene ndinkaipidwa kuti mwana wanga walisiya nalonso linaikidwa ndi munthu wa cholembera. Kusiyana kwake n'koti ife lenilenilo tikadali nalo. Iwo linawatayika, anangotsala ndi lomwe anapatsidwa, ndipo alinyamula mibadwo inayi. Lili ndi manda ake ku Baltimore.

Zimenezi sindinazinene. Sindikanatha.

Mkazi wanga anapanga tiyi. Mkamwini anadzuka kukathandiza, monga amachitira, ndipo kapu yanga anabweretsa ndi iye. Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinati zikomo, n'kutchula dzina la banja lawo, ndi "a" kutsogolo, monga tichitira ndi mfunda.

Anaima. Anayang'ana mkazi wake ngati wapalamula. Kuno dzina la banja amakuitanira nalo apolisi ndi a kuchipatala. Mwana wanga anamufotokozera m'Chingerezi, ndipo zinatenga nthawi, chifukwa mawu ankamuthera pakati. Azakhali aja anafunsa mokweza kuti chachitika n'chiyani. Atauzidwa anati agogo awo aja ndi amene ankaitanidwa choncho, kunjanji.

Akutsanzika, mkamwini anaima pakhomo n'kufunsa kudzera mwa mkazi wake kuti nanga iye azindiitana chiyani. Nthawi yonseyi ankangoti "sir". Ndinamuuza mfunda wathu. Anabwereza katatu, katatu konse molakwika. Mwana wanga anaseka, n'kundifunsa ngati Lamlungu abwere ndi nkhuku kapena nsomba.

Mpaka lero amaulakwitsa. Ndimayankha.