Zenera limene ndinatsegulira fumbi

Ovolosi yakale ya atate inathera m'manja mwa amayi. Anaidula nsanzansanza ndi lumo, ndipo m'mawa uliwonse ankazinyika m'beseni n'kuzitsendera m'mphepete mwa mazenera ndi pansi pa chitseko. Chaka chimenecho ndinali mu Giredi 4 ku Kamitondo, mu Kitwe, ndipo mphepo ya Ogasiti inali itayamba msanga.

Fumbi lathu silinali lofiira ngati la kumudzi. Linali lotuwa, losalala ngati ufa woyera, ndipo linkachokera ku dampu, chimulu cha dothi lotsala mgodi ukachotsamo kopa. Linkalowa mu shuga, m'mano, ngakhale pakati pa masamba a Baibulo. Ife akuluakulufe tinkangolavula n'kupitiriza masewera, koma mng'ono wanga wa zaka zitatu chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Amalume, amene ankayendetsa basi ya ku Chipata, anali atanena kale kawiri kuti mwanayo apite kumudzi kwa azakhali, kumene mpweya ndi wabwino. Amayi anakana kwamtuwagalu. Iwo ankakhulupirira nsanza zawo zonyowazo, ngakhale pofika masana zinkakhala zitauma gwa.

Sabata ina aphunzitsi anabwera m'kalasi ndi mpira wojambulidwa dziko lapansi. M'Chibemba chawo chosakaniza ndi Chingerezi anatiuza kuti fumbi ndi mlendo woyenda kutali. Mphepo imalitola m'zipululu, limakwera pamwamba penipeni, limawoloka nyanja zazikulu, mpaka kukagwera kumapeto kwa dziko kumene kuli ayezi yekhayekha ndipo kulibe midzi. Anati akatswiri akakumba ayeziyo amalipeza lili momwemo. Aphunzitsiwo sananame. Vuto linali mutu wangawu, umene mpaka lero umathamanga kusiya makutu m'mbuyo. Ine ndinamva kuti fumbi lili pa ulendo, ndipo likuvuta chifukwa amayi akulitsekera njira.

Loweruka m'mawa amayi anapita kukakolopa m'tchalitchi ndi anzawo a mphakati, n'kundisiya ndi mwanayo ali mtulo. Ndinazula nsanza zonse. Ndinatsegula zenera la kutsogolo ndi chitseko cha kuseri kuti mlendoyo adutse bwino, ineyo n'kuima pakati ndi chitenje, kumakupiza fumbilo n'kumaliuza kuti lipite, kumene likupitako kulibe ana. Ndinali ndi zaka naini zokha, ndipo ndinkadziona wanzeru kuposa nyumba yonse. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawabe.

Amayi pobwera anapeza makatani akuuluka, pansi pali mbuu, mwana milomo itada, akupuma mobanika. Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anangomubereka n'kuthamangira ku kiliniki nsapato zili m'manja. Kumeneko anamutumiza ku chipatala cha ana ku Ndola, ndipo anagonekedwa masiku anayi. Palibe anandifunsa chifukwa chimene ndinatsegulira zenera, choncho sindinauze munthu za dziko la ayezi.

Mwanayo atatuluka m'chipatala, amalume sanapemphenso. Anaima pakhomo osakhala n'komwe pansi.

"Alongo, mwana uyu mudzamuika m'manda na nsanza zanuzi. Mailo ninyamuka naye."

Amayi anayang'ana atate, atate anayang'ana pansi. Ntchito inali ya mgodi, nyumba inali ya mgodi, ndiye tikanasamukira kuti? Poti ulendo unali wa mawa lake, amayi anangoyamba kupinda timadiresi take n'kutiika m'pulasitiki.

Mng'ono wangayo anakulira kumudzi komweko. Chifuwa chinapola, koma tinkamuona kamodzi pachaka, ndipo lero akamanena za mayi wathu amati amayi a ku Kitwe.

Tsiku limene basi inanyamuka, tikubwerera kunyumba, ndinafunsa amayi kuti mwanayo abwerako liti.

"Fumbi likasila," anatero osandiyang'ana.

Ndinasangalala kwambiri kumva kuti abwerako fumbi likatha, chifukwa ndinkadziwa kumene fumbilo linkapita, ndipo mphepo inali yamphamvu. Tsiku lililonse poweruka kusukulu ndinkaima pamsewu n'kuyang'ana dampu kuti ndione ngati lachepako. Sindinkadziwa kuti fumbi lokafika ku ayezi ndi lochepa chabe, lambiri limagwera anthu oyandikana nalo. Sindinkadziwanso kuti m'mawa uliwonse atate akamatsika mumgodi kuti ife tidye, ankapita kukaliwonjezera.