Bambo Awa Samva

"Khutu silipimidwa ndi satifiketi, mwana wanga," anatero a Vitus, akukanda phula loti adindire khutu la kasitomala. "Umaima kumbuyo kwa munthu n'kunong'ona. Akacheuka, basi wamva."

Munali mu 1983. Ine ndinali nditangobwera kuchokera ku Mangalande, ndikukhala kwa bambo anga omwe ankagwira ntchito ku Gigiri, ndipo Nairobi yense ankandibowa. M'kashopu ka a Vitus ku Hurlingham ndi momwe ndinkatha kukhazikika. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata wokonza mawailesi, kenako Mmwenye wina anawaphunzitsa kuika timakina tothandiza kumva. Kamene bambo anga ankavala anawaika ndi iwowa.

Chaka chimenecho bungwe la akatswiri a makutu linalamula kuti wopanda satifiketi asakhudzenso khutu la munthu. Ine ndi nzeru zanga zakunja ndinkati lamulolo n'labwino, koma sindinkanena mokweza. A Vitus anakalitsutsa kukhoti, poti likanapitirira ntchito yawo inali itathera pomwepo.

Mboni yomaliza inali mkazi wawo, mayi Emmie. Owamasulira anali a Medson, kalaliki wobadwira ku Kenya konkuno, Chichewa chawo chongotola kutchalitchi. Woweruza anafunsa chifukwa chimene a Vitus sanakalembere mayeso a bungwelo.

"Iii bwana, ndawauza kangati?" anatero mayiwo. "Bambo awa samva!"

A Medson anauza khoti m'Chingerezi kuti a Vitus ndi gonthi. Loya wa bungwe anadzuka akumwetulira: gonthi angapime bwanji makutu a anzake?

"Akunena makani!" anakuwa a Vitus. "Kwathu wosamva ndi munthu wamakani, osati gonthi!"

"Chabwino," anatero loya uja. "Ndiye kuti mumamva, koma malamulo simumvera."

Khoti lonse linaseka, ine ndemwe, mpaka pomwe ndinaona a Vitus akukhala pansi, chipewa chili m'manja. Chigamulo chinali chakuti angathe kukonza timakina ndi kugulitsa mabatire, koma kupima ndi kuika ayi.

Nditapita kukashopu kaja sabata yotsatira ndinapeza phula lija atalitsekera m'katoni. Mayi Emmie anali pakauntala.

"Mukanangoti ndine waulesi, amayi," ankadandaula a Vitus.

"Ndiname nditagwira Baibulo? Inu kalembetseni mayesowo."

"Ndi imvi zangazi, ndikakhale pabenchi ndi ana?"

"Benchi siluma."

A Vitus anang'ung'udza, kenako anandifunsa chapansipansi ngati Chingerezi cha pamayeso chimavuta kwambiri. Ndinati ndizibwera masana tiziwerenga limodzi. Kanali koyamba chibwerere kuti ndikhale ndi kopita.

Pochoka ndinagula kabatire ka bambo anga, kakang'ono ngati batani la malaya. A Vitus anakakulunga m'kanyuzipepala, ndipo ndinakafumbata m'matatu, minibasi ya kumeneko, njira yonse mpaka kunyumba.