Galu Amene Analuma a Chigamba

Ankamata matayala pamphambano, n'chifukwa chake aliyense ankangowatcha a Chigamba. Anali munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

Tsiku lina masana, galu wachilendo anatulukira kuseri kwa shedi yawo, dovu lili chuchuchu, n'kugwetsa mayi wina amene ankadikira njinga yake. A Chigamba anatola chitsulo chochotsera matayala n'kumumenya galuyo pamsana. Galuyo anatembenuka n'kuwakhomera mano padzanja. Anagubudukira limodzi m'fumbi, iwo atamukanikiza pakhosi ndi bondo, mpaka anamuphwanya mutu. Bala analitsuka ndi petulo, n'kulimanga ndi mphira.

"Bambo a ana, pitani kuchipatala," anatero akazi awo.

"Wafa ndi galu. Ine ndipite kukatani?"

Bala linapola. Patapita milungu, dzanja linayamba kuyabwa ndi kutentha. Kenako m'mawa wina akazi awo atawapatsa madzi, khosi linakana. Anaponya kapu kukhoma, n'kuwakankhira pachitseko mayiwo, mlomo n'kung'ambika. Anawalavuliranso kumaso. Anthu anathamangirako, ndipo mlamu wa a Chigamba anaguluka dzino powagwira.

Kuchipatala anawamanga pabedi ndi nsalu. Ankakoka mpaka khungu linasupuka m'mikono.

Dokotala anawatengera akazi awo pakhonde.

"Mayi, ndi chiwewe. Thupi lathuli ndi timaselo, kalikonse kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Kachilomboka kamakakamira pakachikopako, selo n'kukameza lokha. Kakaswana m'katimo, ana ake amatuluka atafunda zidutswa za kachikopa komweko, n'kulowa m'selo lotsatira. Kakhala kakukwera choncho m'mitsempha, kuchokera padzanja paja mpaka mu ubongo."

"Ndiye mukatulutse, adokotala."

"Kakafika kumeneko sitingathe. Koma inu, malovu awo anakugwerani pabala. Muyambe jakisoni lero."

Madzulo a tsikulo a Chigamba anadekha pang'ono. Anayang'ana mlomo wotupa wa akazi awo nthawi yaitali.

"Mayi a ana, wakumenyani ndani?"

"Ndinagwa pokolopa."

"Muzisamala," anatero. Kenako thupi linayambanso kugwedezeka, bedi n'kumamenya khoma.

Anamwalira mkuja wake. Pamaliro panabwera oyendetsa njinga ndi maminibasi ochuluka, moti msewu unatsekeka. Mwambo utatha, mlamu uja anaperekeza mlongo wake kuchipatala, pakuti tsiku la jakisoni wachiwiri linali lomwelo.