Ulusi Wofiira mu Kafani ka Amalume

M'bokosi langa la zipangizo, pansi pa mabatire akufa a mafoni, muli kafani kakuda kokwana m'dzanja. Sikazungulira. Pakati pake panapiringizika ulusi wofiira, ndipo munthu akafuna kuukoka timayambana. Mnzanga wina anayesapo, mpaka lero tikakumana pa Golomoti moni wake ndi wa patali.

Kafaniko kanabwera ndi amalume chilimwe chomwe anachokera ku Joni, ine ndili Sitandade 6. Anzawo ankabwera ndi mabulangete ndi njinga, koma iwo anatsika minibasi atakumbatira katoni imodzi yomwe sanalole kondakitala kuikhudza. Amayi, omwe ndi mlongo wawo, anafunsa ngati muli mbale. Munalibe mbale. Munali ziwalo za kompyuta ya magemu, yosamanga. Ankafuna kuiika kuseri kwa kagolosale ka amayi, komwe kunali magetsi, kuti anyamata azidzasewera mpira wa pa sikirini. "Ikayenda iyi, ku Joni sindibwereranso," anatero. Bambo anga sindinawadziwe, ndiye mutha kuona mmene mawu amenewo ndinawagwirira.

Nyenje zinkalira tsiku lonse, malata akuthetheka ndi dzuwa. Amalume ankayala mphasa pakhonde n'kutulutsa ziwalozo m'timapepala tonyezimira. Asanagwire chilichonse ankayamba agwira chitsulo cha pawindo, ati kuti magetsi a m'thupi atuluke. Magetsi m'thupi mwa munthu? Sabata yonse ndinayenda ndikugwira zitsulo za pa Golomoti, mjigo, njinga za kabaza, sikelo ya wogula nandolo, kudikira kuti ndimve kanthu. Nditafunsa aphunzitsi m'kalasi anangoti, "Khala pansi, za mayeso zimenezo?" Ndinakhala. Ine ndi sukulu tinayamba kudana pamenepo.

Bodi, pomwe ziwalo zina zonse zimalumikizidwa, inali yobiriwira, yodzaza tinjira ndi tinyumba ngati mudzi ukauonera pamwamba pa phiri la ku Mua. Ubongo wa kompyutayo unali kanthu kochepa ngati bisiketi, pansi pake pali timinga tagolide. Ndinakana kukhulupirira kuti kanthu kotero kangaganize. Chiwalo chotchedwa ramu amalume anati chili ngati thandala loyanikapo usipa, likakula umayalapo zambiri nthawi imodzi. Ndinkanunkhiza chilichonse. Zinali ndi fungo la wailesi yatsopano.

Ziwalo zina anabwera nazo ziwiriziwiri, zogula kwa anzawo, ndiye panafunika kusankha. Nkhondo inali pa makhadi a zithunzi, omwe amapangitsa kuti osewera pa sikirini athamange osadodoma. Ina inali yaikulu, yolemera ngati njerwa, yokhala ndi nyali yofiira. Inzake inali yowonda, yosaoneka n'komwe. Ine ndinafuna yaikuluyo, ndani akanafuna ina? Amalume anaitembenuza, anaipukuta, kenako n'kuibwezera m'pepala.

"Ubongo wathu ndi waung'ono, mphwanga. Ungamange ng'ombe ndi bulu pa ngolo imodzi?" Kenako analoza malata. "Komanso ku Joni amayamba kusankha ubongo. Kuno timayamba ndi mphepo. Chachikuluchi chingapse tisanamwe tiyi."

Khadi yaikuluyo anakaigulitsa ku Salima n'kubwerako ndi pawa yabwino, kabokosi kogawira magetsi ku ziwalo zonse. Ine ndinamenya chitseko ndi phazi mpaka chala chinatupa, chakudya ndinakana. Lero ndimakonza mafoni pamsewu womwewo, ndipo ndikuuzeni, mkulu uja sanalakwitse ngakhale chimodzi. Kutentha kwa kuno kumapha zinthu kuposa madzi. Anafika poboola bokosi la kompyutalo m'mbali ndi msomali ndi hamala, n'kumangirirapo kafani kakuda kaja kunja, kopanda chotchinga, kuti kaziuziramo mpweya.

Tsiku loyatsa kompyuta inalira kamodzi, pii, mafani onse n'kuyamba kuzungulira. Ndinaika dzanja pa kafani kaja, kamphepo kakundinyambita zala. Ndinagoletsa chigoli choyamba cha m'nyumba imeneyo, ndipo anyamata anadzaza pawindo mpaka m'chipinda munada. Amalume anayamba kukamba zogula mabenchi.

Tsopano za amayi. Iwo anali ndi lamulo lawo: chinthu chaulemu sichikhala chosafunda. Wailesi inali ndi kansalu kake koluka, fulasiki kake, Baibulo kake. Masabata onse omwe ife tinkakangana za makhadi, iwo ankakhala kuseri kwa kauntala akuluka kansalu kena kakakulu, kofiira ndi koyera. Palibe anafunsa kuti n'ka chiyani.

Tsiku lina amalume anasiya kompyuta ikulowetsa gemu yatsopano, sikirini atazimitsa, n'kupita ku Mtakataka kwa kalipentala. Masana kunadutsa kamvulumvulu, uja wonyamula mapepala ndi fumbi lofiira n'kulowa nazo m'masitolo. Ine pochokera kusukulu ndinakumana ndi amalume pamsewu, tinalowa limodzi. Fungo la pulasitiki yopsa linatilandira pakhomo. Kompyuta inali itafundidwa kansalu katsopano kaja, pamwamba pake chitenje, m'mbali monse atapisira bwinobwino kuti fumbi lisapeze polowera. Inali chete.

Amalume anazula pulagi. Pokweza kansaluko kanakana, kenako ulusi unaduka. Kafani kanali katameza mphonje n'kuima. M'katimo pawa inali itapsa, yatenga khadi ndi bodi yomwe. Bokosilo silinkagwirika.

Amayi analowa ndi chidebe cha madzi akumwetulira. "Mwaona, achimwene? Chikanadya fumbi chinthu chanu."

Ine magazi anali atakwera kale kumutu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma amalume anandigwira pakhosi kumbuyoku, zala zawo zikundilowa mpaka ndinaluma lilime.

"Mwachita bwino, achemwali, kansalu kokongola," anatero. "Koma chinthuchi chapsa. Pawa ija ndinasankha yolakwika. Anandipusitsa ku Salima."

Amayi anatula chidebe n'kugwira pakamwa. Anawatukwanira anthu a ku Salima mpaka madzulo.

Nkhani inafala pa Golomoti kuti wa ku Joni uja sadziwa kusankha zida. A kabaza ankawakuwiza amalume akamadutsa, "Injiniya!" Iwo ankangokweza dzanja. Ine ndinamenyana ndi anyamata awiri chifukwa cha mawu amenewo, mmodzi ndinamung'amba malaya. Mvula yoyamba isanagwe amalume anakwera minibasi, opanda katoni. Anandipatsa kafani kaja n'kunena kuti, "Ulusiwo usauchotse, ndipo amayi ako asakaone." Chaka chotsatira sukulu ndinaisiya. Amalume ali ku Joni mpaka lero, timalankhulana pafoni.

Amayi sadziwabe. Akabwera pa benchi yanga amayang'ana makina anga owotchera mawaya n'kudandaula kuti akudya fumbi, ndipo mwezi watha anandilukira kansalu. Ndimafunditsa iwo akuona, makina atazima, akapita n'kuchotsa. Ine amene ndimakalipira kasitomala pa kanthu kochepa, pamenepa pakamwa pamatsekeka pokha.

Koma chilimwe chimenecho ndinkagona ndi kafaniko m'manja, ndikukazunguza ndi chala mpaka pomwe ulusi unkakaimitsa. Ubongo ndinali nditaumvetsa, ramu ndinali nditaimvetsa, ngakhale za magetsi a m'thupi ndinali nditayamba kuvomera. Chomwe chinkandikanika n'chakuti munthu woti anasankha chiwalo chilichonse molondola, anaimirira bwanji pamaso pa mlongo wake n'kunena kuti analakwitsa ndi iye.